Mwana Akagwidwa ndi Nkhawa: Zoyenera Kuchita Pakhomo

Mawu oyamba

Ndi Lolemba m'mamawa. Phala lapsa, yunifolomu yasitidwa, anzake akuitana kumsewu, koma mwana wanu wagwira pamimba, akuti mukupota. Mwamugwira pamphumi, thupi silikutentha. Mwamusiya kuti agone. Dzuwa litakwera, belu la kusukulu litalira kalekale, mukumuona ali pabwalo akusewera phada ngati si uja amabuula. Lachiwiri zomwezo. Loweruka ndi Lamlungu ali gwa.

Makolo ambiri akaona zotere amati mwanayo ndi waulesi kapena wabodza, n'kuthyola kamtengo. Komatu nthawi zambiri mwanayo sakunama. M'mimbamo mukupwetekadi, kungoti chopweteketsacho si chakudya, si njoka za m'mimba. Ndi nkhawa.

Kabuku aka ndi ka makolo, agogo, azakhali, amalume ndi aliyense amene akulera mwana. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: nkhawa imakula mwana akamakalipiridwa, imakulanso akamangothawitsidwa ku chinthu chimene akuopa. Imachepa munthu wamkulu akakhala naye pafupi, modekha, n'kumamuperekeza pang'onopang'ono mpaka atazolowera.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi ili yofunika?

Ena amati, "Mwana angade nkhawa ndi chiyani, poti sagula ufa, salipira lendi?" Koma mwana ali ndi mtima, ndipo amaona ndi kumva zambiri kuposa momwe timaganizira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo nkhawa ndi limodzi mwa mavuto ofala kwambiri pa msinkhu umenewu. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 70, pafupifupi 10 akhoza kukhala akuvutika mumtima.

Nkhawa ikalekereredwa, mwana amayamba kujomba, amabwerera m'mbuyo m'kalasi, amataya anzake. Akakula pang'ono, ena amathamangira ku mowa ndi chamba kuti aiwale. Ikazindikirika msanga, ana ambiri amapeza bwino ndi chithandizo cha pakhomo pomwepo. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Nkhawa imachita chiyani m'thupi?

Mantha ali ngati galu wolondera pakhomo. Galu wabwino amauwa kukabwera wakuba, ndipo amatipulumutsa. Mwana akaona njoka m'njira, thupi lake limatulutsa mphamvu yotchedwa adrenaline: mtima umathamanga, mpweya umakhala wa befu, magazi amathamangira kumiyendo ndi kumikono kuti athawe. M'mimba ntchito yogaya chakudya imayamba yaima, n'chifukwa chake mumapota kapena kuchita nseru. Zonsezi n'zabwino pamene njokayo ilipodi.

Vuto limabwera galu uja akayamba kuuwa ngakhale tsamba likagwa. Njoka palibe, koma thupi likuchita ngati ilipo: aphunzitsi angomuloza kuti awerenge, mayi angopita kuchigayo, mitambo yangoda kumwamba. Mwana sachitira dala, ndipo kumuuza kuti "siya zimenezo" sikungatontholetse galuyo. Galuyo amafunika kuphunzitsidwa kusiyanitsa tsamba ndi wakuba.

Mantha oyendera msinkhu

Si mantha onse amene ali vuto. Ena amabwera ndi msinkhu n'kutha okha:

- Khanda la miyezi 8 mpaka zaka 2 kapena 3 limalira mayi akachoka, limakananso alendo.
- Mwana wa zaka 3 mpaka 6 amaopa mdima, ziphaliwali, agalu ndi zilombo za m'nthano.
- Wa zaka 7 mpaka 12 amaopa akuba, matenda, imfa ya makolo ndi kulephera mayeso.
- Wachinyamata amaopa kusekedwa ndi anzake, amadera nkhawa maonekedwe ake ndi tsogolo lake.

Muyambe kuchitapo kanthu ngati manthawo apitirira milungu ingapo osachepa, ngati akula kuposa chinthu choopedwacho, kapena ngati akumulepheretsa kupita kusukulu, kugona, kudya ndi kusewera.

Zizindikiro zoyenera kuziyang'anira

Mwana sabwera n'kunena kuti, "Amayi, ndili ndi nkhawa." Nkhawayo imayankhula kudzera m'thupi lake ndi m'zochita zake.

M'thupi:
- kupweteka m'mimba kapena mutu kawirikawiri, kuchipatala osapeza matenda
- mtima kuthamanga, thukuta m'manja, kunjenjemera, kubanika
- kusowa tulo, kulota zoopsa, kudzidzimuka usiku
- kuyambiranso kukodza pogona atasiya kale
- kusafuna kudya

M'zochita:
- kukakamira chitenje cha mayi kulikonse
- kufunsa funso lomwelomwelo: "Mubwera nthawi yanji? Simufa?"
- kukana sukulu, kukana kutumidwa kugolosale, kukana kupatsa moni alendo
- kupsa mtima msanga ndi kulira pa zinthu zazing'ono
- kuluma zikhadabo
- kufufuta ndi kulembanso ntchito ya kusukulu kambirimbiri poopa kulakwitsa

Samalani ndi mitundu iwiri ya ana amene sitiwazindikira msanga. Woyamba ndi mwana wofatsa kwambiri, amene aliyense amamuyamikira kuti savuta, pomwe mumtima muli chipwirikiti. Wachiwiri ndi mnyamata wandewu ndi wamwano: kawirikawiri mkwiyo umakhala chovala cha mantha.

Chimayambitsa n'chiyani?

Ana ena amabadwa osachedwa kuchita mantha, ndipo nkhawa imatha kuyenda m'banja. Koma nthawi zambiri pamakhala china chake chimene chayatsa moto:

- kukangana ndi kumenyana kwa makolo, kutha kwa banja, kuledzera kwa wina pakhomo
- maliro, kapena matenda a kholo
- kholo kupita kutali kukafuna ntchito, monga ku Joni, mwana n'kutsala ndi achibale
- njala, kusowa fizi, yunifolomu yong'ambika
- kumenyedwa kapena kunyozedwa kusukulu
- mayeso a Sitandade 8, a JCE ndi a MSCE
- kwa atsikana: kuopa kudetsa yunifolomu akakhala kumwezi, ndi amuna owavutitsa panjira
- kugwiriridwa kapena kugwidwagwidwa ndi munthu wamkulu
- ngozi monga kusefukira kwa madzi ndi moto
- nkhani zoopsa za pa wailesi ndi pa foni, ndi mphekesera monga za anamapopa zimene zinasautsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017

Gawo loyamba: Yambani mwaonetsetsa kuti si matenda ena

Malungo, kuchepa kwa magazi, mphumu ndi njoka za m'mimba zimathanso kubweretsa kupweteka kwa mutu ndi m'mimba, kuthamanga mtima ndi kubanika. Ngati mwana akutentha thupi, akusanza, akuonda, kapena zikhatho ndi m'maso mwayera, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko muwauze zonse, kuphatikizapo nthawi imene ululuwo umabwera: "Zimamuyamba m'mawa wa masiku a sukulu okha." Mawu amenewa amawathandiza kwambiri adokotala. Akakuuzani kuti sanapeze matenda, musatembenukire mwana n'kumuti, "Waona, umanama." Nenani kuti, "Thupi lako lili bwino, mwanangu. Tiye tipeze chimene chikukusautsa."

Gawo lachiwiri: Chezani naye

1. Sankhani nthawi imene nonse mitima ili pansi, osati m'mawa muja akulira. Ana ambiri amamasuka manja akakhala pa ntchito: mukutong'ola chimanga, mukusankha nyemba, mukuchokera kumjigo. Kumukhazika pampando n'kumuyang'anitsitsa kumamuchititsa kuona ngati ali pabwalo la milandu.
2. Yambani ndi zimene mwaona. "Ndaona kuti masiku ano m'mawa m'mimba mumakupweteka. Kusukulu kukuyenda bwanji?"
3. Khalani chete. Mwana akhoza kutenga nthawi asanayankhe. Musamumalizire mawu.
4. Bwerezani zimene wanena kuti adziwe kuti mwamva. "Ndiye ukuti aphunzitsi akakuloza, mtima umagunda kwambiri, mawu osatuluka?"
5. Chitchuleni dzina chinthucho. "Zimenezo ndi nkhawa. Anthu ambiri zimawachitikira. Inenso ndili msinkhu wako ndinkanjenjemera ndikaimitsidwa kutsogolo."
6. Musalonjeze zimene simungakwanitse. M'malo moti "Palibe choipa chichitike," nenani kuti, "Ndikudziwa n'zovuta, koma ukhoza, ndipo ine ndili nawe."

Mwana wamng'ono amene sangathe kufotokoza, mupatseni pepala ajambule, kapena aumbe ndi dothi chimene akuopa. Wachinyamata akakana kuyankhula nanu, musakhumudwe. Mufunseni munthu amene angamasuke naye: agogo, azakhali, amalume, aphunzitsi, amayi a Mother Group a pasukulu, kapena mlangizi wa kumpingo kapena kumzikiti. Mutu umodzi susenza denga.

Chenjezo: mwana akakana mwadzidzidzi kutsala ndi munthu wina wake, kapena kupita kunyumba ina yake, musamukakamize, ngakhale munthuyo ndi mbale wanu. Funsani modekha muli awiri. Akaulula kuti wina akumuchita zoipa, mukhulupirireni, mumuuze kuti iye sanalakwe, ndipo mukanene msanga. Pamenepo galu uja wauwa wakuba weniweni.

Gawo lachitatu: Muphunzitseni kukhazika thupi pansi

Thupi likadekha, maganizo amatsatira. Phunzirani njira izi limodzi tsiku lililonse pamene zinthu zili bwino, kuti nthawi ya mantha ikafika azikumbukire. Khasu sanolera m'munda mvula itagwa kale.

Kupuma kouzira phala:
1. Akhale pansi kapena agone chagada pamphasa, dzanja limodzi pamimba.
2. Akoke mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono ngati akununkhiza chimanga chootcha, inu mukuwerenga mpaka 4. Mimba ifufume.
3. Autulutse pakamwa pang'onopang'ono ngati akuuzira phala lotentha, mukuwerenga mpaka 6.
4. Abwereze kasanu kapena kakhumi.

Chinsinsi chake n'chakuti kutulutsa mpweya kutalike kuposa kukoka, chifukwa n'kumene kumachepetsa liwiro la mtima. Mwana wamng'ono muikireni sopo pamimba kuti aziona akukwera ndi kutsika.

Kufinya ndi kumasula: afumbate manja mwamphamvu ngati akufinya ndimu, awerenge mpaka 5, kenako amasule. Achite chimodzimodzi ndi mapewa, nkhope ndi zala za kumapazi.

Kubweza maganizo pamene ali: atchule zinthu zisanu zimene akuona, zinayi zimene angakhudze, ndi zitatu zimene akumva ndi makutu. Njira iyi ndi yabwino m'kalasi ndi m'chipinda cha mayeso chifukwa palibe amene amadziwa kuti akuichita.

Gawo lachinayi: Kwerani naye makwerero

Ili ndiye gawo lofunika kwambiri. Mwana akathawa chimene akuopa, mtima umakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo amaphunzira kuti kuthawa ndiko kwamupulumutsa. Mawa mantha amabwera atakula. Koma akakhala pamalopo kanthawi, mantha amakwera, n'kuima, kenako n'kuyamba kutsika okha, ndipo mwana amaphunzira kuti angathe kupirira. Komabe simungamuponye pamwamba pa denga tsiku limodzi. Mumangireni makwerero.

1. Gwirizanani chinthu chimodzi chokha choyambira.
2. Muphunzitseni kuyeza mantha ndi zala: chala chimodzi ndi mantha ochepa, zala zisanu ndi mantha aakulu.
3. Chigaweni chinthucho m'magawo ang'onoang'ono, kuyambira chosavuta.
4. Yambani ndi gawo la zala ziwiri. Akhalepo mpaka mantha atatsika, akupuma monga mwaphunzirira.
5. Abwereze gawo lomwelo mpaka litasanduka la chala chimodzi, ndiyeno mukwere.
6. Muyamikireni kulimba mtima kwake, ngakhale analira. "Umaopa, koma unalowabe. Wachita bwino."

Tiyerekeze mwana wa Sitandade 3 amene akukana sukulu. Mwafufuza ndipo mwapeza kuti palibe akumumenya, kungoti amaopa kusiyana ndi mayi ake. Makwerero ake akhoza kukhala motere:

- Lamlungu masana: kuyenda limodzi mpaka pasukulu, kukaona kalasi kulibe anthu.
- Lolemba: kupita ndi mayi kukacheza ndi aphunzitsi, kukhala m'kalasi ola limodzi mayi ali pansi pa mtengo panja.
- Lachiwiri ndi Lachitatu: kukhala mpaka nthawi ya buleki, mayi atabwerera kunyumba.
- Lachinayi: kuperekezedwa mpaka pachipata, kukhala mpaka poweruka.
- Mlungu wotsatira: kupita ndi anzake.

Potsanzikana musachedwe ndipo musazembe. Nenani kuti, "Ndapita, mwanangu, tionana ukaweruka," n'kunyamuka osacheuka kambiri. Mawu amenewo muwasunge: akaweruka akupezenidi. Pa nkhani ya sukulu musalole kuti masiku achuluke, chifukwa mwana akakhalitsa pakhomo kubwerera kumavuta kwambiri.

Makwerero omwewa amagwira ntchito kwa woopa mdima: lero agone tochi ili chiyakire inu muli pambali, kenako inu muli pakhomo la chipinda, kenako tochi yozimitsa koma ili m'manja mwake. Wamanyazi ayambe kuwerenga mokweza pamaso pa agogo, kenako pa banja lonse, kenako pa anzake awiri, mpaka m'kalasi. Tsiku lina adzabwerera m'mbuyo. Si kulephera kumeneko. Tsikani gawo limodzi, muyambirenso. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Gawo lachisanu: Petani naye maganizo

Izi n'zothandiza ana a zaka 8 kupita m'tsogolo. Patulani mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse chakumadzulo, osati pogona, kuti anene kapena alembe zonse zomudetsa nkhawa. Nkhawa ikabwera nthawi ina, aziisungira nthawi imeneyo.

Kenako petani monga mupetera mphale. Ikani mbali imodzi nkhawa zimene mungachitepo kanthu, monga masamu amene sakuwamva. Pa zimenezi gwirizanani chochita: ndani amuthandize, liti. Mbali inayo ikani zija za "nanga bwanji zikadzatere." Pa zimenezi mufunseni:

- Chikukuuza kuti zichitikadi n'chiyani?
- Unaopapo chonchi kale? Zinatha bwanji?
- Zitachitika, tingatani?
- Mnzako akanakhala ndi nkhawa imeneyi, ukanamuuza chiyani?

Akamabwereza funso lomwe mwayankha kale, musayankhenso kakhumi. Mubwezereni mwachikondi: "Paja tinati chiyani?" Potero amaphunzira kudzitonthoza yekha.

Mantha akamugwira mwadzidzidzi

Achinyamata ena amagwidwa ndi mantha aakulu mosayembekezera: mtima phaphapha, kubanika, chizungulire, dzanzi m'manja, n'kumaona ngati akufa. Zimafika pachimake pa mphindi 10 kapena kucheperapo, kenako zimatsika. Zikachitika:

1. Inu dekhani, yankhulani motsitsa mawu.
2. Balalitsani anthu. Kumuunjirira ndi kulira kumawonjezera mantha.
3. Mukhazikeni pamthunzi. Musamuthire madzi, musamugwedeze, musamumenye mbama.
4. Muuzeni kuti, "Ndili pano. Izi zitha posachedwa. Puma nane."
5. Pumani naye mpaka atadekha.

Ngati aka n'koyamba, kapena ali ndi mphumu, wakomoka, akugwedezeka ngati wakhunyu, kapena pachifuwa sipakusiya kupweteka, thamangirani naye kuchipatala.

Zizolowezi za tsiku ndi tsiku

- Tulo: mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12, wachinyamata maola 8 mpaka 10. Azigona ndi kudzuka nthawi yofanana.
- Chakudya: asapite kusukulu ndi njala. Ngakhale mbatata kapena chikondamoyo chikwanira.
- Zakumwa: khofi, tiyi wowirira ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimathamangitsa mtima ndi kuthawitsa tulo.
- Masewera: mpira, fulaye, jingo, kupalasa njinga ndi kuvina zimatulutsa nkhawa m'thupi. Musamupanikize ndi ntchito mpaka kusowa nthawi yosewera.
- Foni: isalowe kogona. Dziwani zimene akuonera pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok, ndipo mumuuze kuti wina akamunyoza kapena kumuopseza kumeneko akuuzeni, simumulanga.
- Nkhani za akuluakulu: za ngongole, za mikangano ya m'banja ndi za ufiti muzikambirana ana kulibe. Mwana wogona kuseri kwa katani amamva zonse.

Nyengo ya mayeso

Mawu oti "ukalephera usabwerenso pakhomo pano" sanakhozetsepo mwana. Amangodzaza mutu ndi mantha mpaka zimene anawerenga n'kuuluka. M'malo mwake:

- Muthandizeni kulemba ndandanda yowerengera, ndipo azipumira pakatipakati.
- Muchepetsereni ntchito zapakhomo masiku amenewo.
- Ayeserere mapepala akale a MANEB akudziyeza nthawi, kuti tsikulo lisadzakhale lachilendo.
- Asachezere usiku wonse mawa lake kuli mayeso.
- Musamuyerekeze ndi mkulu wake kapena mwana wa aneba.
- Muuzeni mayeso asanayambe, osati zotsatira zitatuluka: "Limbikira. Koma kaya ukhoza kaya ulephera, ndiwe mwana wathu, ndipo tidzaona chochita."

Zotsatira zikatuluka zosakondweretsa, masiku oyambawo khalani naye pafupi kwambiri.

Pambuyo pa ngozi kapena maliro

Namondwe wa Freddy atagumula mapiri ndi nyumba mu Malichi 2023 ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi madera ena a kumwera, matope anauma koma mantha sanaumire limodzi. Mwana amene anaona zoterozo akhoza kulowa pansi pa tebulo mvula ikangoyamba kulira pamalata, ngakhale papita zaka. Wina amasewera masewera a madzi ogumula nyumba mobwerezabwereza. Umo ndi momwe mwana amafotokozera zimene pakamwa pakulephera.

- Muuzeni zoona m'mawu a msinkhu wake. Osati "agogo agona" kapena "apita ulendo," chifukwa adzaopa kugona, kapena adzadikira mpaka kale. Nenani kuti amwalira ndipo sabweranso.
- Mutsimikizireni kuti si iye anachititsa. Ana ambiri amadziimba mlandu chamumtima.
- Musamukakamize kufotokoza zimene anaona, koma akayamba yekha, mverani.
- Bwezeretsani msanga moyo wa masiku onse: sukulu, nthawi ya chakudya, mapemphero.
- Konzani naye limodzi: mvula ikakula tithawira kuti, tochi ili pati, wonyamula khanda ndani. Mwana wodziwa chochita saopa kwambiri.

Zolakwika zimene makolo ambiri timachita

1. Kumenya ndi kukalipa. Mwana amasiya kulira, koma tsopano akuopa zinthu ziwiri: chija ndi inu.
2. Kunyoza. "Wamantha iwe," "mwamuna salira," ndi kumunena pagulu kuti amakodza pogona zimangomuphunzitsa kubisa.
3. Kulera ndi zoopseza. "Fisi akudya," "ndikuitanira apolisi," "adokotala akubaya jakisoni." Tsiku limene adzafune wapolisi kapena dokotala, adzathawa.
4. Kumuteteza mopitirira: kumuyankhira mafunso, kumulola kujomba, kumuchitira zonse. Chikondi choterechi chimadyetsa nkhawa.
5. Kumukankhira pachimake tsiku limodzi, monga kumutsekera m'chipinda cha mdima kuti azolowere.
6. Kunena kuti walodzedwa, ali ndi ziwanda, kapena akuphunzitsidwa ufiti. Mwana wamantha akauzidwa zimenezi amasweka mtima. Kupemphera naye modekha n'kwabwino ndipo kumatonthoza, koma kusalowe m'malo mwa chipatala.
7. Kumugulira mankhwala ogonetsa pamsika kapena kumupatsa a munthu wina. Mankhwala a maganizo amalemba ndi adokotala okha.
8. Kuiwala nkhawa zanu. Mwana amawerenga nkhope ya kholo. Ngati inunso mukuganiza kwambiri ndipo tulo sitikubwera, funani chithandizo. Mukadzithandiza mwathandizanso mwana.

Nthawi yofuna chithandizo

Pitani kuchipatala ngati mwayesa njira izi kwa mwezi wathunthu osaona kusintha, ngati mwana wasiyiratu sukulu, akuonda, wadzipatula kwa anzake onse, kapena wayamba mowa ndi chamba. Chamba chimaoneka ngati chikukhazika mtima pansi, koma kwa achinyamata ambiri chimawonjezera nkhawa.

Pitani lero lomwe, osadikira mawa, ngati mwana:
- akunena zofuna kufa, kapena mawu monga "posachedwa mupuma, sindikuvutitsaninso"
- akudzicheka kapena kudzipweteka
- akugawa zinthu zake ndi kutsanzika
- akumva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona

Musaope kumufunsa mwachindunji: "Kodi umaganiza zodzipha?" Funsoli silimupatsa maganizowo, limamutsegulira khomo loti ayankhule. Akavomera, musamusiye yekha. Tsekerani kutali tameki, mankhwala a mbewu ndi a thonje, mapiritsi ndi zingwe.

Kopita:
- Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena chipatala chaching'ono chapafupi. Iwo adzakutumizani kuchipatala cha boma kwa oona za matenda a maganizo.
- Nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO. Mwana akhozanso kuimba yekha.
- Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, ndi nthambi ya Victim Support Unit kupolisi, ngati mwana akuchitidwa nkhanza. Wogwiriridwa apite kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV.
- Chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi cha matenda a maganizo ku Zomba.

Kupita kumalo amenewa sikutanthauza kuti mwana wanu wapenga. Nthawi zambiri chithandizo chake chimakhala uphungu, kukambirana ndi kuphunzira njira ngati zomwe zili m'kabuku aka.

Mawu omaliza

Simufunika ndalama kapena sukulu yapamwamba kuti muthandize mwana wankhawa. Chofunika ndi khutu lomvetsera, mawu otsika ndi kuleza mtima. Mantha sadzatheratu, ndipo safunika kutheratu. Chimene tikufuna n'chakuti mwana adziwe kuti akhoza kuopa koma n'kuchitabe chinthucho.

Madzulo ano, nsima ikatha, itanani mwana wanu adzakuthandizeni kutsuka mbale. Mufunseni kuti, "Mwanangu, masiku ano chikukuvuta n'chiyani?" Mukatero khalani chete, mumvetsere. Ndipo mukamaliza kuwerenga kabuku aka, kapatseniko aneba anu, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe.